Nkhotakota yanga inathera pa matebeto

Mpaka lero ndikamva ng'oma za amayi zikudutsa m'komboni yathu ya Kalingalinga, ndimaweramira thabwa n'kumapala ngakhale ndalipala kale. Pakamwa panga panandigulitsa pagulu, ndipo palibe wina woti ndimuloze chala.

Zinayamba ana athu amapasa atakwanitsa zaka zitatu. Mkazi wanga ndi wa ku Mpulungu, m'mphepete mwa nyanja ya Tanganyika, ndipo anatopa kuona ana akusewera mu utuchi wa pashedi yanga ya ukalipentala. Anati tisamukire kwawo. Mayi ake ali ndi malo, ana akadya nsomba, akaphunzira ulemu ndi chilankhulo cha makolo. Mfundo zake zinali zomveka, koma ine ndinkaopa. Kuno aliyense amadziwa mipando yanga, pomwe kumeneko ndikanangokhala mkamwini wongodziwika ndi dzina la mkazi.

M'malo monena zimenezo, ndinatulutsa Nkhotakota. Agogo anga anachokera ku Malawi kudzagwira ntchito m'mafakitale, choncho ndinati ngati ndi nyanja, tipite kwathu. Miyezi iwiri tinapikisana. Iye akati nsomba ya buka, ine chambo. Akati ana a ku Mpulungu amagwada popereka madzi, ine ndimati a ku Nkhotakota amagwada ngakhale poyankha foni. (Nkhotakota yakeyo ndinali ndisanapondeko. Ndinkaidziwira pa kalendala yakale ya kwa agogo.)

Kenako apongozi anabwera kuchokera ku Mpulungu n'kundikonzera matebeto. Ndi mwambo wa kwawo wothokoza mkamwini amene wasunga bwino mwana wawo: amayi amabwera akuimba, atasenza mbale za zakudya zamitundumitundu. Nkhoswe yanga inandilangiza chinthu chimodzi chokha, kuti mkamwini amakhala chete, maso pansi, oyankhula ndi ena. Mwana wa zaka zisanu akanatha.

Loweruka masana bwalo linadzaza. Kumbali yathu kunabweranso azakhali anga a ku Matero, omwe makutu anayamba kuwavuta, moti akamanong'ona amamveka mpaka kumsika. Mayi wotsogolera mwambo ankavundukula mbale imodziimodzi, chikanda, ndiwo zotendera, chigwada, ine chete ngati munthu wabwino. Atafika pa nsomba anati, “Iyi ni buka ya ku Mpulungu, bapongozi. Bana banu bazakulira pali iyi.”

Pakamwa panayabwa. Ndinadzutsa mutu n'kunena kuti buka ndi yabwino ndithu, koma sifika pa chambo. Nkhoswe inandiponda chala. Ndinapitiriza. Ndinafotokoza za mpunga wonunkhira, za ana aulemu, za mchenga woyera. Inandipondanso, mwamphamvu. Pamenepo m'pamene ndinawonjezera kuti ineyo ndili mwana ndinkasambira kumeneko mpaka ngalawa zikuoneka zazing'ono.

Azakhali anatsamira kwa mnzawo ngati akunong'ona. “Ati chiyani mwana wa achimweneyu? Wasambira kuti? Si anabadwira kuseri kwa msika konkuno? Madzi ambiri amene wawaona ndi osefukira m'komboni ya Kanyama nthawi ya mvula.” Anapuma pang'ono, ine n'kumati zatha. “Ndipo ife ndife akumtunda, kumapiri. Nyanjayo bambo ake omwe anaiona kamodzi, ali pamwamba pa lole.”

 Apongozi anaphimba pakamwa ndi chitenje, mapewa akugwedezeka. Kenako woimba ng'oma anayambitsa, amayi n'kupeka nyimbo pomwepo ya mkamwini wosambira m'ngalande. Ndinachita manyazi moti buka ija ndinaidya osamva kukoma. (Anzanga akuti inali yokoma kwambiri.)

M'mawa mwake mkazi wanga anandipeza pashedi atanyamula tiyi. Ndinkayembekezera kuti andiseka, ndipo zikanandiyenera. Anangokhala pa benchi yosamaliza n'kundiitana monga akwawo amaitanira bambo wa amapasa.

“Bashimpundu, sembe munakamba chabe ati muyopa. Muganiza ine siniyopa? Nili na zaka teni sininkalako kuja.”

Ndinafuna kuyankha kuti mwamuna saopa, koma ndinaona kuti bodza limodzi pa sabata ndi lokwanira. Ndinayang'ana m'kapu n'kunena kuti, “Niyopa maningi.”

Mawu awiri amenewo, oti ndikuopa kwambiri, ndikanawanena kale, bwenzi ana a mu Kalingalinga asakuiimba nyimbo ija akamandiona. Mwezi wamawa tikupita limodzi ku Mpulungu kukaona malo, ndipo ndalonjeza kuti ndikafika ndizikangofunsa.