Ndinalengeza Maliro a Apongozi Ali Moyo

Masiku ano ndikamapita ku Dedza boma ndimazungulira njira ya kumadimba kuti ndisadutse pakhomo pa apongozi anga. Ana amati ndimakonda kuyenda. Sadziwa.

Ndine mlembi wa kagulu ka alimi a mbatatesi kufupi ndi Kasina. Gulu lathu linapeza makina a AI a pafoni, oti umangowalembera chimene ukufuna iwo n'kuchita. Makinawa ali ndi zida zawo: china chotumiza mitengo ya pamsika, china choitanira lole, china chochotsa munthu m'gulu, chinanso cholengeza maliro kwa mamembala onse. Chida chilichonse chili ndi mawu ofotokoza ntchito yake, ndipo makina amawerenga mawuwo kuti asankhe choyenera.

Anakonza zonsezi ndi a Thoko, mayi wa ku Lilongwe wodziwa za makompyuta. Anandipempha kuti ndiunike mafotokozedwewo.

"Muwerenge ngati mlendo wosadziwa kalikonse za gulu lanu," anatero. "Mukasintha mawu, muyese kaye ndi ziganizo zosiyanasiyana, muone ngati makina akusankha bwino."

Ndinagwedeza mutu, koma mumtima ndinati munthu wa m'tauni sangandiphunzitse Chichewa. (Ndinaphunzitsapo Chichewa kupulayimale, ndipo sindilola kuti anthu aiwale.)

Pa chida cha maliro analemba kuti: "Gwiritsani ntchito pokhapokha membala wamwalira. Uthenga umapita kwa onse ndipo subwezeka. Funsani kaye musanatumize." Ndinaona kuti ndi zazitali komanso zouma. Kwathu kuno munthu wamkulu timati watisiya. Ndinafufuta zonse n'kulemba kuti "Membala akatisiya." Zaulemu, zachidule. Kuyesa sindinayese. A Thoko atafunsa ndinati zonse zili bwino.

Kenaka apongozi anga aamuna, a Kamwendo, anakangana ndi apampando pa nkhani ya mbewu, n'kunena kuti atuluka m'gulu. Loweruka m'mawa apampando anandiuza kuti ndiwachotse. Mkamwini angalembe bwanji kuti "chotsa apongozi"? Ndinalembera makina kuti: "A Kamwendo atisiya. Konza zonse."

Anayankha kuti: "Ndachita. Pepani kwambiri."

Ndinagoma ndi ulemu wa makinawo. Ndinapachika jekete pamtengo, foni ili m'thumba, n'kuyamba kuthirira kabichi.

Anandipeza ndi mkazi wanga, wopanda nsapato, misozi ili chuchuchu.

"Bambo atisiya, inu mukuthirira kabichi?"

Anandionetsa foni ya mnansi wathu. Uthenga unayamba ndi "Ndi chisoni chachikulu," ndipo pansi pake panali udindo wanga, mlembi. Ndinati, "Mayi a ana, pali kalakwika kakang'ono." Sanandimve, anali atathamanga kale.

Pofika kwa apongozi ndinapeza zinthu zitapita patali. A Kamwendo anali atalawirira kuboma panjinga, choncho aliyense anaganiza kuti awombedwa ndi galimoto pamsewu waukulu. Apongozi aakazi anali atakomoka, azimayi akuwakupiza ndi chitenje. Akwaya a kutchalitchi anali atayamba nyimbo. Amuna ankatula nkhuni, ndipo adzukulu anali atafika ndi makasu, akufunsa malo okumba. Ndinayesa kulankhula, koma bambo wina anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Limbani mtima, akamwini." Ndinakhala pansi. (Inde, ndinakhala pansi pamaliro amene ndinkadziwa kuti kulibe. Ndinkafunafuna poyambira.)

Ndisanapeze poyambirapo, belu la njinga linalira. A Kamwendo analowa pabwalo, thumba la feteleza lili pakaliyala. Nyimbo inadukira pakati. Mayi wina anathawira m'chimanga.

"Wamwalira ndani pakhomo panga?" anafunsa.

Ndinagwada n'kufotokoza zonse, maso ali pansi. Chakumapeto ndinayesa kukankhira mlandu kwa makina.

"Makinawo Chichewa anaphunzira kwa yani?" anafunsa apongozi.

"Kwa iwowa," anayankha mkazi wanga, akundiloza ndi mlomo.

Apongozi anatembenukira kwa ine. "Akamwini, ine ndangotuluka m'gulu. Kodi malamulo anu amati wotuluka aziikidwa m'manda?"

Adzukulu anaseka mpaka kugwetsa makasu. Apongozi aakazi sanaseke, ndipo sanandilankhule mpaka nyengo yokolola.

A Thoko atamva sanakalipe. Anangoti makina anachita ndendende zimene ndinalemba, ndipo tinabwezeretsa mawu awo onse aja. Tsopano kafotokozedwe kalikonse ndimakayesa ndi ziganizo zopotoka ndisanakavomereze, ngakhale mumtima ndimanenabe kuti Chichewa changa chinali chokoma kuposa chawo.

Tambala wachipepeso amene ndinawapititsira apongozi analandira, koma m'gulu sanabwerere. Lamulungu tikakumana pakhomo la tchalitchi ndimavula chipewa n'kufunsa kuti adzuka bwanji. Amadikira kaye anthu achuluke, kenaka n'kuyankha kuti, "Ndikadali moyo, akamwini, ngati mwalola."