Ndinawamba Ng'oma za Azungu pa Hita

Mpaka lero ndikaona hita, chotenthetsera m'nyumba chija, mtima umandigunda ngati ndaba nkhuku.

Nthawi imeneyo ndinkasamalira holo ina kuno ku Leicester, ntchito yomwe ndinaipeza movutikira nditatopa ndi mashifiti a kuweyahausi yosungiramo katundu. Loweruka lina kunabwera gulu loimba masimfoni, nyimbo zazitali zopanda mawu zija, ndi zida zachikalekale: zingwe za matumbo a nkhosa, ng'oma zachikopa chenicheni. Wotsogolera wawo, mkulu wina wadazi woimbitsa ndi kandodo, ankati akufuna nyimbo zimveke mmene zinkamvekera zaka mazana awiri zapitazo (ngati kuti analipo).

Kunja kunali mvula, m'holo mukuzizira. Mayi woimba ng'oma anazigogoda n'kudandaula kuti, "Chinyezi chafewetsa zikopa."

Abale inu, ine mwana wa ku Dedza ndingamve zimenezo n'kungokhala? Onse atapita kukadya, ndinakokera ng'oma ziwirizo pa hita n'kuziwamba bwinobwino, ndikuzitembenuza ngati chimanga chootcha. Ndinazibwezera pamalo osauza munthu (zabwino sitilengeza). Mayi uja anabwerako mochedwa, mpata woziyesa panalibe.

Nyimbo inayamba mwakachetechete. Kenaka wadazi analoza mayi uja ndi kandodo, mayi n'kumenya ndi mphamvu zonse poganiza kuti chikopa chikadali chofewa. Phwaa! Ng'oma inang'ambika, ndodo inalowa m'kati, bambo wina amene ankawodzera kutsogolo anaimirira n'kuyamba kuomba m'manja. Paja amati ng'oma yolira bwino sichedwa kung'ambika, koma iyi inafulumira udyo.

Ine kuseri kwa katani ndikuganiza kale za basi ya ku Corby yokafunira ntchito ina.

Koma potuluka, anthu anamuunjirira wadazi uja. "Kulimba mtima kwake! Sitinaimvepo ikuimbidwa chonchi!"

Iye, wopanda manyazi, akungogwedeza mutu. "Ndinafufuza nthawi yaitali. Kale zinkaterodi."

Abwana anga atandifunsa ngati ndinaonapo kanthu, ndinati, "Ayi bwana, ine za ng'oma sindizidziwa." (Amalume amene munandiphunzitsa kuwamba, mundikhululukire.) Ntchito ndinaipulumutsa, koma ulemu wanga wonse unapita ndi wadazi, ndipo zinandiwawa.

Chaka chotsatira gululo linabweranso, ng'oma zili ndi zikopa zatsopano. Poyeserera ndinamva wadazi akukalipira mayi uja kuti, "Bwanji sizikumveka ngati chaka chatha?"

Mayi misozi lengelenge. Ndinayang'ana mayi, ndinayang'ana hita.

Kenaka onse anapita kukadya.