Mawaya M'kamwa, Khirisimasi Pakhomo

Lolemba, 22 Disembala

Tchuthi chayamba! Ofesi ya ku esiteti tatseka mpaka chaka chatsopano. Ndili kwa amayi ku Chinakanaka, ine ndi mawaya anga.

Miyezi itatu tsopano chiikireni mabulesi, mawaya owongola mano, ku Blantyre. Mano anga akutsogolo anatulukira panja kalekale, amapereka moni mwiniwake asanafike. Ukwati wanga ndi Felesia uli mu Okutobala chaka chamawa, ndipo pa zithunzi ndikufuna kuseka momasuka ngati anthu ena.

Mawu a adokotala a mano: "Mukasamala, Seputembala tichotsa. Kabatani kamodzi kakamatuka pa dzino, tiwonjezera mwezi. Komanso tikutseka mpaka Januwale."

Ndiye kamodzi ndi Okutobala. Tiwiri, ndikwatira ndili ndi mpanda m'kamwa.

Malamulo ndamata pakhoma:
1. Nzimbe ayi.
2. Chimanga chootcha ayi.
3. Mtedza wokazinga ayi.
4. Mafupa osakukuta.
5. Mango odula ndi mpeni, osasenda ndi mano.
6. Fanta imodzi patsiku.
7. Kutsuka m'kamwa ndikangodya chilichonse.

Amayi awerenga mpaka kumapeto. Akuti: "Nanga wadzatani kuno?"

Lachiwiri, 23 Disembala

Kumsika. Ndikugula nthochi ndi papaya, zakudya za munthu wanzeru. Mayi wogulitsa nthochi akuitana anzake: "Tabwerani kuno! Achimwene, tasekaninso tione." Ndikulipira nditatseka pakamwa.

Mango ali mbwee paliponse. Lamulo lachisanu likulola, bola mpeni. Ndadula bwinobwino, timagawo ting'onoting'ono, pa mbale. Koma ndi mango a kalisere! Ulusi wokhawokha! Pagalasi ndikuoneka ngati ndaluma tsache.

Kamswachi kanga kakang'ono kagwira ntchito mpaka dzanja kutopa. Ulusi wina wakana, ukhala komweko.

Masana kukugunda. Ndaima pakhomo kuonerera mitambo ikutsika m'phiri. Amayi kukhitchini: "Choka pakhomopo ndi zitsulo zakozo, utiitanira mphezi!"

Ndawafotokozera kuti sizikoka mphezi. Andimvetsera mwaulemu. Kenako asamutsira mpando wawo kutali.

Lachitatu, 24 Disembala

Mvula ya dzulo yatulutsa ngumbi. Achemwali akazinga chiwaya chonse. Fungo lake, abale!

Ndawerenga malamulo kawiri. Ngumbi mulibe. Adokotala sanatchule. Ndi zofewa, ndi zazing'ono, zilibe fupa. Manja atatu basi. Chabwino, asanu.

Kenako belu, kwaya ikukonzekera za mawa, ndathamanga osatsuka m'kamwa. Lamulo lachisanu ndi chiwiri lafa.

Ndikuimba besi ndi mtima wonse, pakamwa yasa. Amayi busa akundiyang'ana kwambiri. Ndikuganiza kuti mawu akutuluka bwino lero. Titamaliza andikokera pambali: "Pepanitu, pa dzino lanu pali kanthu, ndipo kali ndi miyendo."

Felesia waimba foni. Loweruka tikupita ku Likhubula kwa atsibweni ake, amene ali ndi mawu omaliza pa za ukwati wathu. Chenjezo lake: "Chilichonse angakupatseni, mudye. Amene anakwatira achemwali anga anakana nyemba za kalongonda tsiku loyamba, ati m'mimba. Ana atatu tsopano, koma atsibweni amawatchulabe kuti Bambo Wam'mimba."

Kalongonda ndi wofewa. Palibe choopa.

Lachinayi, 25 Disembala

Khirisimasi yabwino kwa onse amene ali ndi mano aufulu!

Amayi apha tambala uja wakhala akutidzutsa zaka zinayi. Waphikidwa kuyambira m'mawa, koma sanagonje. Nyama ngati tayala la njinga.

Azakhali ochokera ku Chonde andiikira ntchafu yonse: "Mkwati adye, anenepe." Ndikuidula ndi mpeni timizere ngati machesi. Achemwali: "Mukudyetsa mwana wa mphaka?"

Zimene ndadya:
mpunga, mbale ziwiri
msuzi
timizere ta tambala, tina ndangomeza
Fanta zitatu (ziwiri ndabwereka za mawa ndi mkuja)

Kenako yafika nthawi ya mafupa. Nyumba yonse khukhuru khukhuru, ngakhale azakhali amene mano awo atsala owerengeka. Fupa langa lili pa mbale, likundiyang'ana. Ndangolinyambita. Ndangoluma kunsonga kofewa kuja. Pang'ono.

Kalabala kamodzi komangira waya kasowa. Pa mbale palibe, pansi palibe. Ndikukhulupirira kuti kali ndi tambala m'mimba.

Timabatani tonse tilipo. Ndatigwira kamodzikamodzi ndi chala.

Lachisanu, 26 Disembala

Tsiku lokonzekera nkhondo. Ngati atsibweni atulutsa cholimba, ndidzati:
a) Ndakhuta, zikomo. (Bodza loonekeratu, ndine woonda.)
b) Ndikadyera kunyumba. (Mwano.)
c) Adokotala anandiletsa. (Ndiye kuti akupereka mwana wawo kwa wodwala.)
d) Kukomoka.

Ndayeserera zonse pagalasi. Yachinayi ndi imene ikutuluka bwino.

Ndapita ku Chonde kukamuchingamira Felesia. Minibasi yachedwa. Pambali panga penipeni pali mayi akuotcha chimanga cha kudimba, akukupiza moto molozetsa utsi kwa ine. Mwadala, ndikulumbira.

Ndaganiza mozama. Cholakwa ndi kuluma chisononkho. Kukonola ndi chala, njere imodziimodzi, n'kutafunira kumbuyo, imeneyo ndi nkhani ina. Chimanga chimodzi chanditengera nthawi yoti minibasi zitatu zadutsa.

Felesia watsika, wandipeza ndi chisononkho m'manja. Sanapereke n'komwe moni. "Mwezi wowonjezerawo mudzakwatirana ndi adokotala anuwo."

Waya wakumanzere ukuoneka ngati wapindika. Mwina ndi galasi.

Loweruka, 27 Disembala

Likhubula. Jekete, nsapato zopolisha, kamswachi m'thumba.

Atsibweni ndi nkhalamba yaifupi, miyendo ngati mitengo ya bulugamu. Moyo wawo wonse akhala akusenzera alendo katundu kukwera phiri. Chotsegulira Fanta chasowa. Iwo angotenga botolo, dzino, pho! Andipatsa. Botolo lachiwiri, pho! Mano onse alipo, oyera, ondandalika ngati anachita kuyeza ndi chingwe.

Ndikuyankhula nditaphimba pakamwa ndi dzanja. Akuyesa ulemu.

Kalongonda wabwera. Mbale ziwiri, mbee! Atsibweni akugwedeza mutu mokhutira. Nyama ya mbuzi ndasankha chiwindi. Ndikupambana! Felesia akusuzumira kukhitchini, akumwetulira.

Kenako nkhalamba yanyamuka ndi chikwanje, yalowera kuseri kwa nyumba. Yabwera ndi nzimbe yaitali kuposa ine. Yathyola pa bondo, yandipatsa kutsinde. "Kotsekemera n'kumeneko. Ndinadzala ndekha."

Zifukwa zanga zonse zinayi zathawa. Ndangoti: "Kampeni kangapezeke?"

"Mpeni? Wa nzimbe?"

Pakhonde alamu anga awiri asiya kutafuna. Felesia kukhitchini wagwira kumutu, sindikudziwa ngati akuti idyani kapena musadye.

Ndaluma.

Thwa! Thwa!

Kawiri. Ndalavulira m'dzanja: khoko la nzimbe, ndi timabatani tiwiri tonyezimira. Waya watuluka, waloza ku phiri.

Atsibweni atola kamodzi, akukatembenuza padzuwa. Basi ndaulula zonse, za mano, za adokotala, za Seputembala. Ndikuyankhula waya ukugwedera.

Aseka mpaka kutsokomola. "Osanena bwanji? Ine ndimayesa ndi ndolo za m'kamwa, zachinyamata za m'tauni!" Atenga mpeni, asenda nzimbe ija okha, afinyira madzi ake m'kapu ndi manja, andipatsa ngati mwana.

Kenako aitana amayi ake a Felesia, nanena ine ndili pomwepo: "Mkamwini uyu nzeru n'zochepa. Koma munthu wololera kuthyola m'kamwa mwake kuopa kundinyoza, mwana wathu sadzamuzunza. Mulandireni."

Atulutsanso pulayala yokonzera njinga kuti adule waya uja. Apa pokha ndakana, ndipo ndakana mokweza.

Lamulungu, 28 Disembala

Waya ukubaya tsaya. Ndamatapo phula limene anandipatsa adokotala, lagwera mu tiyi. Ndamatanso.

Kutchalitchi sindinaimbe. Ndangong'ung'udza besi ngati njuchi ili m'botolo.

Timabatani tiwiri tili m'bokosi la machesi, tikudikira Januwale. Seputembala wapita. Okutobala wapita. Mawaya achoka Novembala, mkazi ali kale m'nyumba.

Pepala la malamulo ndamatula. Amayi akolezera moto.

Uthenga wa Felesia: "Tsiku la ukwati silisuntha. Pa zithunzi mudzatseke pakamwa, ine ndidzaseka za tonse awiri."

Ndiye masana onse ndili pagalasi, kuphunzira kumwetulira milomo ili yotseka. Ndayesa mutu wopendeketsa, ndayesa nsidze zokweza. Ndapeza kumwetulira kumodzi kooneka kwaulemu, kwa munthu wophunzira. Amayi alowa ndi dengu la zochapa, aima, andiyang'ana nthawi yaitali.

"Wafanana ndi malemu bambo ako tsiku limene anawabera njinga."

Nkhope ya pa zithunzi ikhala imeneyo basi. Bola mkazi andipatsa.