Tsiku limene ndinaopseza alimi a ku Chia ndi ufa wa kondowole

Anzanga, nditamaliza koleji anandituma ku Nkhotakota kukayeza mankhwala a ufa amene alimi amathira m'chimanga poopa anankafumbwe. Ntchito yake inali yosavuta: masefa asanu osanjikizana, ya maso aakulu pamwamba, ya maso aang'ono pansi. Umathira mankhwala pamwamba, kugwedeza, kenako kuyeza pa sikelo zotsala m'sefa iliyonse. Zodutsa sefa yomaliza ndi zimene zimauluka n'kulowa m'mapapo mwa munthu.

Chovuta chinali a Mhango, mnyamata wa zaumoyo. Miyezi isanu ndi umodzi ndinkangowayang'ana pawindo akuimika njinga yawo, mawu anga osapitirira moni. Ndiye ndinamva kuti awasamutsira kumpoto sabata yotsatira. Tsiku lomwelo a Mhangowo anandipempha kuti ndikaonetse alimi a ku Chia kuopsa kwa fumbili. Ndinati mwayi wanga womaliza ndi umenewu, andione ndikuyankhula ngati munthu.

Masiku atatu ndinkayeserera kunyumba ndi ufa wa kondowole, m'thumba la pepala lofanana ndi la mankhwala la ku ofesi. Mukuganiza kuti ku Chia ndinanyamula liti?

Wapampando wa chipani atatsegula msonkhano, ndinamanga kansalu pamphuno, n'kuuza anthu kuti afutukire kutali, amayi abise ana. Ulendo uno mawu ankatuluka. Ndinagwedeza, ndinagwedeza, ndipo ndikungovundukula sefa yomaliza mwera unawomba, ufa wonse kumaso kwanga!

Anthu anabalalika, wapampando patsogolo. A Mhango okha anathamangira kwa ine, anandikhuthulira ndowa ya madzi pamutu, n'kundigwira chibwano ndi dzanja limodzi, linalo akunditsuka m'maso.

“Achemwali, musapume kwambiri. Ndili pompano.”

Apa ndiulule. Madzi atangondikhudza ndinamva kafungo kowawasa ka chinangwa choviika, ndinadziwa zonse. Koma dzanja lawo linali lofunda, ndipo ankandiyankhula chapansipansi, ine ndekha. Ndinatseka maso, n'kukhala chete.

Anaononga zinthu ndi Abiti Saidi, mayi wachikulire wogulitsa mpunga. Anabwera, anapala phala la patsaya langa ndi chala, ananunkhiza, n'kulawa anthu akukuwa.

“Mwana wanga, chinangwachi munachivuula msanga. Chikanagona m'madzi tsiku lina.”

Chia yense anaseka, ngakhale amene anabisala kuseri kwa nkhokwe. A Mhango anachotsa dzanja pang'onopang'ono, akuluma mlomo. Pobwerera anandikweza pa njinga, tsitsi lili gwa, ndipo ulendo wonsewo ndinkaona mapewa awo akugwedezeka. Lolemba anakwera basi, ine ndikuyeza mankhwala enieni, ndipo sanabwerenso.

Ndinalumbira kuti sindidzanyamulanso thumba losalemba dzina, ndipo mpaka lero ndimalemba ngakhale pa la mchere. Koma za kutseka maso zija musandifunse ngati ndinalapa. Akanachedwa pang'ono Abiti Saidi!