Misoti yotchipa ya pa Mitundu

Mpaka lero ndikamadutsa pamsika wa Mitundu, pali amayi awiri ogulitsa tomato amene amayamba kuwodzera mwadala akangondiona. Amapendeketsa khosi, kutsinzina diso limodzi, kenako n'kufa nazo kuseka. Ine ndimangopereka moni ngati sindinaone. Bola nkhaniyi ndikuuzeni ndekha, chifukwa mukakaimvera kwa iwo aithira mchere wambiri.

Ine ndinabadwira ku Harare. Agogo anga anachoka kuno kalekale kukagwira ntchito kumigodi, ndiye Chichewa ndinachiphunzira m'nyumba, koma za kumudzi sindinkadziwa kanthu. Nkhuku imene ndinkaidziwa ine ndi ya mufiriji, yopanda mutu. Akazi anga, Esinati, tinakumana ku Joni, ndipo zinthu zitathina kumeneko tinabwera kudzakhala kwawo, mudzi wina kuseri kwa Mitundu. Ndinasanduka mkamwini, anthu n'kundipatsa dzina loti a Harare.

Kulima ndinkalephera, mizere yanga inkakhota ngati njira ya munthu woledzera. Koma panali luso limodzi limene ndinkadzitama nalo, kunenerera mtengo. Pakaunjika ndinkachita kumuliritsa wogulitsa. Ndinkafunitsitsa apongozi anga, amayi ake a Esinati, aone kuti mwana wawo sanatole munthu wachabechabe.

Mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, Esinati anaperekeza apongozi kuchipatala ku Nkhoma kukachotsa ng'ala m'diso. Anati akakhalako masiku angapo. Anandisiyira ntchito imodzi yokha: kutsegulira nkhuku za apongozi m'mawa, kuzitsekera madzulo. Makamaka tambala wofiira, wamkulu ngati nkhukundembo, amene apongozi anamulera kuyambira ali kamwanapiye. Ameneyo ankadikira chinkhoswe cha mlamu wanga Lameki, chimene chinali chitatsala milungu iwiri. Kuno akuchimuna amapereka tambala kwa akuchikazi pamaso pa anthu onse, ndipo apongozi anali atauza kale mudzi wonse kuti akuchikazi akadzamuona tambala ameneyu adzadziwa kuti mwana wawo akulowa m'banja la anthu.

Tsiku la msika ndinapita kukagula mchere ndi sopo. Ndikutuluka, ndinaona bambo wina ataimika njinga pambali, misoti itatu itamangidwa pakaliyala. Ndinafunsa mtengo mongocheza. Atatchula, ndinayesa sindinamve bwino, unali theka la mtengo wa masiku onse. Munthu wanzeru akanadabwa. Ine ndinanenerera.

Bamboyo anatsitsa osalimbalimba. Ndinanenereranso, anatsitsanso (apa mumtima ndinkadziombera m'manja). Mapeto ake anandiwonjezera ndi luzi lomangira, n'kukwera njinga yake osacheukanso. Mmodzi mwa amayi a tomato aja anandiitana.

"Bambo, nkhuku zanuzo zikuwodzeratu."

"Ndi dzuwali, mayi. Ngakhale ine ndikuwodzera."

Anangoyang'anizana ndi anzawo. Ine ndinaganiza kuti ndi nsanje.

Nditafika kunyumba ndinaimasula misoti ija n'kuilowetsa m'khola la apongozi kuti izolowerane ndi inzake. Ndinkaona kale m'maganizo apongozi akufika, akuwerenga nkhuku zawo, akupeza zawonjezereka, akufunsa kuti wachita zimenezi ndani.

Kutacha msoti umodzi unali gwa. Ndinaukwirira kuseri kwa bafa n'kudziuza kuti wafa ndi kusowa kwawo. Mawa lake wachiwiri unatsatira. Ndinapita kwa a Gelesomu, oyandikana nawo nyumba, n'kuwafunsa mozungulira kuti mnzanga wina wake wa kutali nkhuku zake zikumapinda khosi ndi kuchita zitosi zobiriwira, kodi chingakhale chiyani? A Gelesomu anasiya kusema mpini n'kundiuza kuti chimenecho ndi chitopa, chimabwera nyengo yotentha ino, ndipo chikalowa m'khola chimasesa zonse. N'chifukwa chake anthu amathamangira nazo kumsika zisanagwe. Anawonjezera kuti ngakhale mwana wa sukulu amadziwa kuti nkhuku yotchipa mu Okutobala sagula, ndiye mnzangayo ayenera kuti ndi mlendo. Ndinavomera kuti eya, ndi mlendo.

Ndinayesa zonse zimene anandiuza ndi zina zimene sanandiuze. Tsabola wosinja m'madzi, phulusa, mpaka mapiritsi anga a mutu. Ndinkazigwira imodziimodzi n'kumazimwetsa ndi supuni ya tiyi, ndikuzichonderera m'Chichewa ndi m'Chishona. Sizinamve chilankhulo chilichonse. Kuseri kwa bafa malo anayamba kuchepa.

Esinati ndi apongozi anafika khola litatsala ndi tambala yekha, nayenso ataima ngati mlonda amene sanagone. Mwayi wanga (ndimachita manyazi kuutchula mwayi) unali woti apongozi anabwera diso limodzi lili lomata, linalo likuona mwa chimbuuzi, ndipo adokotala anawaletsa kutuluka padzuwa. Esinati yekha ndi amene anasuzumira m'khola. Atabwerako sanakalipe. Anangokhala pamkeka n'kundifunsa kuti ndinagula pamtengo wanji, ndipo nditatchula monyadira pang'ono, anagwira kumutu.

Tambala anafa tsiku lotsatira. Apa mantha anandigwira enieni. Nkhuku zinazo ndikanatha kubweza pang'onopang'ono, koma chinkhoswe chinali chitatsala masiku asanu.

Nzeru inandibwerera, ya mtundu womwe uja. Ndinakwera kabaza wa njinga yamoto mpaka ku Nathenje, kumene kulibe amene amandidziwa, kukasaka tambala wofiira. Ndinamupeza, wamkulu bwino, maso ali gwa, woti ukamuyandikira akujompha. Mwini wake anatchula mtengo wondiwawa mpaka m'mafupa, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinalipira osatsegula pakamwa. Ndinabwera naye m'thumba, ndi fumbi mpaka m'makutu.

M'khola sindikanamuika, matenda anali momwemo. Ndiye ndinamuvindikira ndi dengu kuchipinda kwathu, kuseri kwa bedi. Pulani inali yoti akhale momwemo mpaka tsiku la chinkhoswe, ndipo apongozi ndi diso lawo lija sadzasiyanitsa. Esinati anati iye sakulowererapo, koma anamupatsa madeya.

Chimene ndinaiwala n'choti tambala amalira. M'bandakucha analira mokweza pafupi ndi khutu langa, mawu ake osasa ngati wa chimfine. Ndinamuponyera bulangeti. Analiranso mkati mwa bulangetimo.

Dzuwa litatuluka Esinati anabwera kudzandiuza kuti amayi akundifuna. Kuno mkamwini ndi apongozi sakhalirana pafupi, ndiye ndinakanjuta chapatali pakhonde, iwo atakhala pakhomo atayang'ana kumbali.

"Bambo, mwadzuka bwanji?"

"Ndadzuka bwino, amayi, kaya inu?"

"Ine ndadzuka. Koma tambala wanga salira choncho. Komanso chibadwire chake sanagonepo kuchipinda kwa munthu."

Ndinaulula zonse, kuyambira pa njinga ya bambo uja mpaka kuseri kwa bafa. Anamvetsera osandidula. Nditamaliza anapukuta diso labwinolo ndi nsonga ya chitenje. Anati m'mawa wa dzana, pamene sanamve nkhuku ikulira, anadziwa kale, koma ankadikira kuti aone ngati mkamwini wawo abwere yekha kudzanena. Zimenezo zinandipweteka kuposa mtengo wa ku Nathenje. Ndinachita manyazi amene sindinachitepo.

Chinkhoswe chinachitika. Tambala wa ku Nathenje anamaliza masiku ake anayi kuchipinda kwathu (ine ndinasamukira pabalaza) ndipo pa tsikulo akuchikazi anamulandira ndi nthungululu. Anajompha nkhoswe yawo padzanja, koma anthu anati ndi chizindikiro cha mphamvu. Lameki anakwatira, ngakhale nkhani yanga inali itafika kale kwa aliyense kudzera kwa a Gelesomu, amene ankandifunsa pagulu kuti mnzanga wa kutali uja ali bwanji.

Mvula itagwa, khola titaliwotcha n'kumanga lina, apongozi anandituma ine ndemwe kukagula misoti yoyambira. Esinati anadabwa, inenso ndinadabwa. Ndikunyamuka anandiitanitsa pakhonde paja, atayang'ananso kumbali.

"Akakuuzani mtengo, mulipire. Akatsitsa, muthawe."

Malangizo amenewo ndimawasunga mpaka pano, ndipo khola ladzazanso. Koma iwo ananena za nkhuku. Za mbuzi sanatchulepo, ndipo sabata yatha pa Nathenje ndinaona ina yamtengo wabwino kwambiri, imangotsokomola pang'ono.