Kuzemberera Ba Mulenga pa Khirisimasi

Suti yanga yakuda, imene ndinkavala pa Mgonero ndi pamaliro pokha, lero mkazi wanga amapukutira mawindo. Anzanga a kumpingo akafunsa kuti inapita kuti, ndimangoti inamaliza utumiki wake pa Khirisimasi, ndipo si bodza. Koma nkhani yake inafika ku Kabwata kuno ine ndisanafike, ndipo ena akuithira mchere wambiri, choncho ndi bwino muimve kwa mwini wake.

Ndinagwira ntchito yophika zaka zambiri m'misasa ya alenje ku chigwa cha Luangwa. Mfuti sindinaigwirepo. Zanga zinali mipeni, mapoto, ndi kupempherera anthu akamatuluka m'mawa, ndipo chifukwa cha kuphikako onse ankangonditcha Kuki. Mumsasa tinali ngati banja: bwana wathu mzungu amene tsopano amakhala ku Kabulonga, Ba Phiri osenda zikopa amene ali ku Makeni, ndi Ba Mulenga, fundi wolondola mapazi a nyama. Ba Mulenga ankangoyang'ana udzu wopindika n'kukuuzani kuti padutsa njati, yaimuna, yokalamba, ndipo yakwiya.

Tsiku lina njati yovulala inandipeza ndikutola nkhuni kuseri kwa msasa. Ndinakwera mtengo wa minga osamva munga ndi umodzi womwe. Ba Mulenga ndiwo anaikopa, akukuwa ndi kukupiza malaya kuti indisiye ine ilondole iwo, mpaka bwana anaiwombera. Munthu amene waika moyo wake pakati pa iwe ndi nyanga sungamutchenso mnzako wa kuntchito. Ameneyo ndi mbale.

Chigaza cha njati ija, ndi nyanga zake, tinachisunga. Titakalamba n'kupezeka tonse mu Lusaka, chinasanduka moni wathu wa Khirisimasi. Ena amatumizirana mauthenga a pafoni. Ife timatumizirana njati. Lamulo lake ndi ili. Amene wasunga chigaza chaka chonse amapita nacho kwa mnzake pa Khirisimasi, koma sagogoda pageti ndipo sanena odi. Amamuzemberera monga mlenje azemberera nyama, mpaka amugwire paphewa n'kunena kuti, "Khirisimasi yabwino, njati yakupeza." Zikatero chigaza chimatsala komweko. Koma mwini nyumba akayamba ndiye kukuzindikira, mumadya mpunga limodzi, mumaseka, kenako umabwerera nacho kwanu kukadikira chaka china.

Ine ndine wophika, si mlenje. Chigaza chinakhala pabalaza panga zaka zingapo zotsatizana. Amayi a kumpingo akabwera kudzapemphera, mkazi wanga ankachiphimba ndi chitenje n'kuikapo maluwa apulasitiki.

Chaka chimenecho Ba Mulenga anadwala sitiroko. Dzanja ndi mwendo wa kumanja zinafooka, ndipo mawu ankatuluka limodzilimodzi ngati madzi a pampopi m'chilimwe. Mkazi wawo anali atamwalira kale, ndiye mwana wawo wamkazi ndi mwamuna wake anabwera ku Chelstone kudzawatenga kuti azikakhala nawo ku Kitwe. Ulendo unali wa tsiku lotsatira Khirisimasi. Ba Phiri anandiimbira foni.

"Ba Kuki, chaka chino musachite vija vamusanga. Mudala adwala. Gogodani chabe pa geti, mubapase mutu, mupemphele nabo."

Pakamwa ndinavomera, mumtima ayi. Ndinali nditawazonda kuchipatala. Ndinaona momwe anthu ankawayankhulira mokweza ndi pang'onopang'ono ngati mwana, ndi momwe iwo ankatembenukira kukhoma. Ndikanagogoda pageti, chigaza chili m'manja ngati mphatso ya wodwala, akanadziwa kuti ngakhale ife tawachotsa m'gulu la alenje n'kuwaika m'gulu la odikira maliro. Ndinapemphera, ndipo ndinamva mtendere (tsopano ndimavomereza kuti si mtendere uliwonse umene munthu amamva atapemphera uli yankho, wina umangokhala kuuma mutu kwake).

Pa Khirisimasi, titatuluka m'mapemphero a m'mawa, amene anali a Mgonero, sindinavule suti. Mkazi wanga anandipopera mafuta onunkhira amene mwana wathu anatumiza, khosi ndi m'khwapa momwe.

"Muzinunkhira ngati mkulu wa mpingo, osati ngati utsi wa kumsasa," anatero. Kenako anakulunga chigaza m'chitenje, namanga mfundo mwamphamvu. "Chipite ichi, ndipo chisabwerenso."

Iye asakuona, ndinatapa phulusa pambaula n'kulithira m'sokosi yakale. Alenje amayenda ndi kathumba kotere: ukakagwedeza, phulusa limauluka n'kukuonetsa kumene mphepo ikupita, kuti nyama isamve fungo lako. Ndinaona Ba Mulenga akuchita zimenezi kambirimbiri, ndipo ndinkaganiza kuti kuona ndi kudziwa.

Nyanga za njati sizibisika m'chitenje. Ndikukwera minibasi ya ku Chelstone m'tauni, kondakitala anaima pakhomo.

"Ba mudala, mu basi yanga ng'ombe sizikwela."

"Si ng'ombe, mwana wanga. Ndi njati."

"Aa, njati! Ndiye mwaikonza nkhani manje. Ba dalaiva, tili na njati!"

Anandilola ndithu, ndipo kanali koyamba m'moyo wanga kukhala motakasuka m'minibasi ya mu Lusaka, chifukwa palibe anafuna kundiyandikira. Mayi wina kumbuyo kwanga anayamba kupemphera chapansipansi, akumanga mphamvu za mdima ndi onse oyenda nazo masana. Pemphero linali labwino, ndiye ndinkavomereza mokweza kuti, "Ameni! Zimangidwedi!" Ndinazindikira nditatsika kuti womangidwayo ndinali ine.

Nyumba ya Ba Mulenga ili ndi khoma kutsogolo, koma kumbuyo kuli mpanda wa waya ndi zitsamba, ndipo kuseri kwake kuli kamunda ka chimanga ka aneba. Ndinkadziwa kuti masana amakhala pansi pa mtengo wa mango kumbuyoko. Ndinaima pamsewu n'kugwedeza sokosi. Phulusa linapita uku, kenako uko, kenako linandigwera pansapato. Ndinasankha yankho limene ndinkafuna, n'kulowa m'munda wa eni.

Apa panali vuto limene sindinaliganizire. Pa Khirisimasi chimanga cha ku Lusaka chimalekeza m'mawondo. Kuti ndibisale ndinayenera kukwawa ndi mimba, monga cholengedwa chija chinatembereredwa m'munda woyamba, ndipo mvula inali itagwa m'mawa. Ndinakwawa. Chitenje chinakodwa pachitsa n'kutsala. Ndinapitiriza, ndikukankha chigaza kutsogolo kwanga, nyanga zili pamwamba pa chimanga ngati njatiyo ikudya. Pakati pa zitsamba ndinaona msana wa mpando ndi chipewa cha Ba Mulenga.

Ndinagwedezanso phulusa. Kenako, monga mwa chizolowezi changa ndisanachite chinthu chachikulu, ndinapemphera, ndipo ine sindidziwa kupemphera osatulutsa mawu.

"Ambuye, mutsekeni maso. Mutsekeni makutu ndi mphuno. Asadziwe kanthu mpaka dzanja langa limugwire."

Kumbuyo kwanga kunagwa beseni. Mwini munda, mayi wonenepa wovala duku lofiira, anali akuthyola chibwabwa mizere ingapo kuchokera pamene ndinali, ndipo anamva zonse. Taganizirani zimene anaona: mkulu wovala suti yakuda, wagona m'matope kuseri kwa nyumba ya munthu wodwala, ali ndi nyanga, akuwaza phulusa, akupempha kuti wodwalayo atsekeke maso ndi makutu. Ndikanakhala ine, ndikanakuwanso.

"Mfwiti! Mfwiti masana! Bwelani muone!"

Anthu a ku Chelstone anatuluka mbale za Khirisimasi zili m'manja. Wina anandithira madzi otsukira mbale. Ndinadzuka n'kukweza manja, sokosi ikulendewera. Mwamuna wina wamtali anadumpha mpanda kuchokera kwa Ba Mulenga atanyamula mpini. Ameneyu ndiye anali mkamwini wa ku Kitwe, amene sitinaonanepo. Mkazi wake, yekhayo amene akanandidziwa, anali atapita kukagula matikiti a basi.

"Imwe ba shikulu, mufuna chani kuli ba tata?"

"Ndabwera kudzawagwira paphewa chabe."

"Mwamvela? Avomela yeka!" anatero mayi wa duku.

"Nanga mulota uyu ni wa chani?" anafunsa mkamwini, akuloza sokosi ya phulusa.

"Phulusalo ndi loonera mphepo, kuti asandimve fungo."

Choonadi chimamasula, ndipo ndimakhulupirira zimenezo ndi mtima wonse, koma tsiku limenelo yankho lililonse loona linkandimangitsa kwambiri. Ena ankati apolisi, ena ankati apolisi achedwa. Ndinaona mnyamata wina wandevu akutola chidutswa cha njerwa n'kumachiyeza m'manja. Apa kuseka kunandithera. Ndinakumbukira mkazi wanga, ndi dzina la mpingo wathu.

"Afunseni eni ake," ndinatero.

"Sibakamba," anatero mkamwini, kutanthauza kuti sayankhula.

"Afunseni basi."

Anandidutsitsa pampata wa waya, ndipo suti inasiya thumba ndi theka la msana pamenepo. Wina ananyamula chigaza ndi ndodo, akuopa kuchikhudza. Anandiimika patsogolo pa mpando, matope akuchucha, njere za mpunga wa m'madzi aja zili m'tsitsi.

Ba Mulenga anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu. Anayang'ana chigaza. Anayang'ana sokosi. Ndinayamba kuopa kuti mwina matenda anawalandadi nkhope yanga. Kenako mapewa awo anayamba kugwedezeka. Mkamwini anataya mpini, akuganiza kuti akomoka. Sikunali kukomoka. Anali kuseka, ndi theka la pakamwa limene linkatha kuseka, misozi ikutsika.

"Kuki," anatero. Anapuma. "Wanga. Musiyeni."

Mnyamata uja anaika njerwa pansi pang'onopang'ono ngati sinali yake.

Ba Mulenga anakweza dzanja lamanzere n'kugwira mphuno yawo.

"Pefyumu," anatero. "Ku... mseu. Ninamvela." Anandiloza. "Mphepo... kumbuyo. Chipuba!"

Chipuba ndi chitsiru. Sindinamvepo mawu okoma chotero. Anali atandinunkhiza ndili pamsewu, n'kukhala chete kundidikira ndifike pafupi, monga ankachitira chaka chilichonse kuti andigwire bwino.

Mkamwini anakhala pansi paudzu, akupukusa mutu.

"Kuchoka m'mawa bakana kulowa mu nyumba, bakana na kudya. Benze kunyambita chala na kuchiimika m'mwamba. Ise tenze kuganiza ati ni matenda."

Sanali matenda. Anali mlenje akuyesa mphepo, akudikira kuona ngati anzake akumuwerengabe.

Anandipatsa madzi osamba ndi malaya a mkamwini, ofika m'mawondo. Tinadya mpunga ndi nkhuku pansi pa mango, ndipo Ba Mulenga anadya mbale yonse. Anthu sanachoke, ndiye ndinawafotokozera za njati ija ndi mtengo wautali umene ndinakwera. Ba Mulenga anagogoda pansi ndi ndodo yawo n'kuonetsa ndi dzanja kuti mtengowo unali waufupi. Tinakangana pa zimenezo monga takhala tikukanganira zaka zonse, ine ndi mawu ambiri, iwo ndi mawu awiri atatu, ndipo anapambana iwo. Mayi wa duku anabweretsa chibwabwa chotendera, nandiuza kuti wandikhululukira, koma chimanga chimene ndinathyola ndidzabwere ndibzalenso. Tinapemphera tonse, ndipo ndinathokoza Mulungu amene amatha kugwiritsa ntchito ngakhale kupusa kwa mtumiki wake.

Potsanzika ndinasendeza chigaza pafupi ndi mpando wawo mwakachetechete. Ndinkaganiza kuti pambuyo pa zonsezi lamulo lingapume chaka chimodzi, apite nacho ku Kitwe chikawakumbutse ife. Anachikankha ndi ndodo mpaka chinandigunda phazi.

"Lamulo," anatero. "Bwelela nacho."

"Ba Mulenga, mawa mukupita."

"Chaka... chamawa." Anapuma, akundiyang'ana m'maso. "Kitwe."

Ndinamva zimene ankanena. Ankandiuza kuti ndidzawapeza, ndipo ankadziuzanso okha. Ndinanyamula chigaza changa.

Nditafika ku Kabwata, mkazi wanga anali pakhonde. Anayang'ana malaya a eni, suti m'pepala la pulasitiki, ndi nyanga zili paphewa.

"Chabweranso?"

"Chabweranso."

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chitenje china ndi maluwa aja.

Abusa anandiitana kuti ndifotokoze, ndipo ndinafotokoza. Anandifunsa ngati ndaphunzirapo kanthu. Ndinati inde: munthu ukakhala m'munda wa eni, uzipemphera chamumtima. Anadikira kuti ndipitirize, koma phunziro langa linali lomwelo.

Mkamwini ndimayankhula naye pafoni. Akuti Ba Mulenga ayamba kuyenda ndi ndodo mpaka pageti, ndipo madzulo amakhala panja chala chili m'mwamba. Ndinamufunsa kuti kuseri kwa nyumba yawo ku Kitwe kuli chiyani. Anati kuli khoma la magalasi pamwamba ndi agalu a aneba, ndipo anandipempha m'dzina la Mulungu kuti ndidzangogogoda pageti. Ndinavomera pakamwa.

Mafuta onunkhira aja ndinapatsa Ba Phiri. Sokosi inayo ndinaisunga.