Mchombo wa Pilirani M'mbale ya Eni Ake

Ndiyambe ndi kupepesa kwa timitengo titatu timene ndinatikumba ndi supuni popanda mlandu. Sitinandipute, sitinandinene. Nkhaniyi ndikulemba ndekha ndi dzanja langali, zilembo za sukulu ya kwacha zoyenda chammbali ngati nkhanu (mukaona mzere wakwera kumtunda ingoutsatani, ubwerera).

Kuno ku London ndinabwera kudzalera. Mwana wanga Esinati, amene ndi nesi, anali woyembekezera. Mwamuna wake, mkamwini wanga, anali atathawa kwathu chifukwa cha mawu amodzi amene anayankhula m'chipinda cha aphunzitsi. Mawu amodzi okha, njira ya kumudzi n'kutsekeka. Poti iwo sakanabwera, wonyamuka ndinali ine. Ndinafikira ku Thamesmead, m'fulati ya m'mwamba mwenimweni, kumene nkhunda zimauluka kunsi kwa mapazi ako.

Mwana anabadwa, mnyamata, Pilirani. Ndinaimba ine, ndinavina ine, ndinavinira m'lifiti momwe. Lifiti ikutsika, mtima wanga ukukwera. Mzungu wina wokalamba amene ndinakwera naye anangokumbatira kagalu kake n'kuyang'ana kudenga.

Patapita sabata kamchombo kanagwa. Esinati anakakulunga m'thonje n'kuponya m'bini, amvekere kuno n'ku Mangalande, zoterezi zimatayidwa. Ndinadikira alowe m'bafa, ndinapisa m'binimo, n'kukasunga m'kachitini ka maswiti a chifuwa. Kwathu mchombo sitiutaya ngati khoko la nthochi. Timaukwirira patsinde pa mtengo waung'ono kuti mwana akhale ndi pake, mtengo ukukwera iye akukwera. Nanga mwana wobadwira m'mwamba, bambo wake wopanda kwawo, mchombo wakenso upite ndi galimoto ya zinyalala? Ayi, ine ndili moyo.

Vuto linali dothi. Ku Thamesmead n'konkire pansi, konkire pambali, konkire pamwamba. Kapinga alipo kunsi kwa mafulati, koma ndi wa agalu, ndipo agalu akuno amafukula ngati alembedwa ganyu. Ku msika wa ku Woolwich ndinayenda maso ali pansi, osapeza ndi podzala tsabola pomwe. Masabata atatu kachitini kali m'handibagi, kupita nane ku tchalitchi, kubwera nane ku tchalitchi.

Ndiye amayi a ku tchalitchi anakonza ulendo wokaona munda wa Atchaina, kutsidya kwa mtsinje, pakati pa nyumba zitalizitali za maofesi. Akuti unamangidwa kalekale, motengera minda ya kwawo ya makedzana. Ndinangoti mumtima, Yehova wayankha. Tinakwera basi, tinakwera sitima, Esinati akukankha kangolo ka mwana, ine nditagwirana mkono ndi mnzanga Amake Misozi, mayi wa ku Chipata, womasulira wanga pa za Chizungu.

Kunja magalimoto ali pipiii, utsi uli tolo. Tinalowa pa mpanda woyera, ndipo phokoso lonse linatsala kumbuyo ngati wina watseka mpopi. Kusokonezeka kwanga kunayambira pakhomo. Khomo lozungulira ngati lichero, lopanda chitseko. Mawindo ambirimbiri opanda galasi, lina ngati tsamba, lina ngati botolo. Mlatho wokhotakhota, wapita uku wabwerera uku, ngati mmisiri wake anayamba ntchito atachokera ku mowa. Miyala yobookabooka ngati yadyedwa ndi chiswe, yoti kwathu ungaigubuduzire kumalire a munda, kuno aimika chilili pamalo aulemu, anthu akuijambula zithunzi. M'dziwe nsomba zofiira, zonenepa ngati mikono ya mayi busa, zikubwera zokha m'mphepete, popanda ndi mmodzi yemwe wozilakalaka. Ndinafunsa Amake Misozi kuti nanga podzala ndiwo ndi pati. Anati palibe, munda uno ni woyanganako chabe. Ndinangogwira pakamwa.

Komabe malowo ndinawakonda. Munali bata, munali ukhondo, munalibe galu.

Gulu litatsogola ndi mayi wofotokozera alendo, ine ndinatsalira pa kakhonde kena. Pamenepo, pa mabenchi amiyala, panali timitengo m'timbale tosazama. Ndinati eya, nazale yawo ndi iyi. Mbande zokongola, zamatsinde ojintcha, zongodikira mvula kuti aziwokere. Ndinasankha kamodzi ka m'mbale yabuluu, kamasamba ngati singano, koima mwamphamvu ngati kamnyamata kokana kutumidwa. Ndinatulutsa supuni ya tiyi imene ndinabwera nayo, ndinatukula ndere za pamwamba, ndinakumba pang'ono, ndinaika. Ndinakwirira bwinobwino n'kubwezera ndere zija. Kenaka ndinaimba chapansipansi kanyimbo kongopeka pomwepo, kula mtengo kula, Pilirani akutsate, ukafika kumitambo umudikire. Mtima unati myaa. Ndinathamangira gulu ndikunjanja, ndinawoloka kamlatho koledzera kaja movina.

Ndinawapeza m'kanyumba ka denga lopindikira m'mwamba ngati nyanga za mbuzi. Mayi wofotokoza uja ankaloza kamtengo kena ka m'mbale, kofanana ndi tanga tija, anthu akuti ooo. Ndinakodola Amake Misozi kuti akunena chiyani.

"Ati tumitengo utu ni tunkhalamba maningi, ambuya. Twina tunapitilila na zaka handiredi."

"Iyayi, amake mwana, mwamva molakwa. Ndi mbande izi."

"Si mbande. Amatudula mizu, amatumanga na waya kuti tusakule. Kazankala so chabe mpaka Yesu akabwele."

Zaka handiredi, kutalika kofika m'bondo! Ndinayang'ana m'kangolo, Pilirani ali m'tulo, timiyendo take tili pindepinde. Ndinamuona ali ndi imvi, ali ndi ndevu, akali m'kangolo momwemo. Ndinamuona pa tsiku la ukwati wake atamuimika pa tebulo kuti anthu amuone. Ndipo wochita zimenezi si mfiti ya kumudzi, ndi agogo ake omubereka mayi wake.

Ndinauza Esinati kuti ndikataye madzi, n'kutembenuka.

Apa ndiye mundimvetse. Munda umenewu si waukulu, kwathu sungakwane ndi mizere ya mbatata ya banja limodzi. Koma anaumanga dala kuti munthu asamaone kumene akupita. Ndinasuzumira pa windo la ngati tsamba, kakhonde kanga kali apo, pafupi poti n'kulavulirapo. Ndinatsata njira yolunjika komweko, njira n'kundikhotetsa kuseri kwa nsungwi, n'kunditula pa dziwe. Ndinabwerera, ndinalowa khomo la lichero, ndinatulukira pa dziwe. Ndinalowa m'kaphanga ka miyala ya chiswe ija, ndinawerama, duku linakodwa, ndinatulukira pa dziwe. Nsomba yaikulu ya banga pamutu inali itandizolowera, inkabwera kudzandilonjera, kukamwa kuli yasa ngati ikufunsa kuti mayi, kodi simunapitebe?

Kachinayi ndinaleka kukhulupirira njira. Ndinaona windo la ngati botolo, lalifupi, kakhonde kakuonekera mbali inayo. Ndinakwinya chitenje, ndinalowetsa mwendo, ndinalowetsa mutu ndi mapewa. Zotsalazo zinakana (amene amandidziwa akudziwa kuti Mulungu sanandimane kumbuyoku). Ndinapuma, ndinatulutsa mpweya wonse, ndinatchula dzina la Pilirani, ndinatulukira uko ngati chitsekerero cha botolo, nsapato imodzi n'kutsala mbali inayo. Ndinaisiya. Nsapato amagula, msinkhu sagula.

Pakhonde paja ndinapeza zinthu zasintha. Wina anali atasuntha timbale tonse kutsatira dzuwa, n'kutithirira. Mbale zabuluu zinalipo zisanu. Zonse zamasamba ngati singano, zonse zoima ngati kamnyamata kokana kutumidwa, ndere zonse zonyowa mofanana. Ndinazifunsa chamumtima kuti mwa inu wasunga mdzukulu wanga ndani. Zinangoti duu.

Ndinayamba ndi ya kumanzere. Ndinakumba, mizu yokhayokha. Yachiwiri ndinapeza kanthu kakuda, mtima unadumpha, koma kanali kamwala. Yachitatu ndili pakati, dothi lili mbwee pabenchi, ndinaona nsapato zansalu zitaima pambali panga. Ndinakweza maso. Mdala wa Chitchaina, woonda, wa tsitsi loyera, chothiririra m'manja. Sanakalipe. Anayang'ana supuni, anayang'ana mizu ili pamtunda, nkhope yake inali ya munthu amene wapeza mbuzi ikudya Baibulo lake.

Anayankhula Chizungu. Ine Chizungu changa nthawi imeneyo chinali cha moni ndi cha zikomo basi. Ndinayesa cha manja. Ndinaloza pamchombo panga, ndinaloza mbale. Ndinayerekeza kunyamula khanda, ndinatsitsa dzanja mpaka m'bondo, ndinapukusa mutu molira. Mdala anandiyang'anitsitsa, anayang'ana phazi langa lopanda nsapato, kenaka anagwira mimba yake n'kundilozera mwaulemu kumene kuli chimbudzi. Ndinakana. Ndinalozanso pamchombo mwamphamvu. Anapita, n'kubwera ndi kampando ndi kapu ya madzi otentha opanda shuga, opanda mkaka, muli tsamba limodzi likusambira. Ndinalandira ndi manja awiri, poti ulemu ndi ulemu. Supuni anandilanda mofatsa ngati mmene umalandira mpeni kwa mwana.

Ndi mmene anandipezera Esinati, amayi onse a tchalitchi ali pambuyo pake, Amake Misozi atanyamula nsapato yanga.

"Amayi, mwatani?"

Ndinaulula zonse, kuyambira pa bini. Esinati anatseka maso nthawi yaitali. Amayi ena ankayang'ana nsomba dala, koma mapewa awo akugwedezeka.

"Ndiye mukuti mwana wanga ali m'mbale ya eni ake?"

"Ka mbali kake chabe, mwanawe."

"Mbale iti?"

"Yabuluu."

Anawerenga mbale zija ndi maso, n'kupuma mozama ngati ali pa wodi. Kenaka nesi wathunthu, wophunzira, anayenera kuima pamaso pa mdala uja n'kufotokoza m'Chizungu chabwino zimene amayi ake abisa m'katundu wa anthu. Ine ndinali nditakonzeka kuti aitana apolisi, ndipo ndinkaganiza za mkamwini wanga, munthu wosafuna dzina lake lilembedwe pena paliponse.

Mdala anamvetsera mpaka kumapeto. Anagwada, anayamba kubwezera dothi pa mizu ndi zala, pang'onopang'ono. Atamaliza mbale zitatu zija ndiye anatsegula pakamwa, Esinati akumasulira monyinyirika. Anati ziwiri zotsalazo sizikumbidwa lero, mizu yake imagwidwa kamodzi patapita zaka, nthawi yozizira ikamatha, ndipo pofika pamenepo kanthu kanga kadzakhala katasanduka dothi. Anatinso sakudziwa ngati kali mwa ziwirizo kapena ndinakaphonya mwa zitatu zoyambazo. Ndinayamba kulira. Ndinati mumuuze kuti mwanayo sakula.

Mdala anasuzumira m'kangolo. Anati wake mchombo amayi ake anausunga m'kansalu kofiira, m'nyumba ya kwawo imene iye sanaionenso chichokereni ali mnyamata, ndipo sakudziwa ngati nyumbayo ikalipo. Wa mwana uyu, anatero, tikudziwa kumene uli, ndipo pali munthu wouthirira m'mawa uliwonse. Anawonjeza kuti timitengoti sititalika, inde, koma taika m'manda anthu onse amene anatidzala.

Esinati atamasulira mawu amenewo anatembenukira kumbali n'kumakonza bulangete la mwana limene silinasokonekere. Tinakwera basi yobwerera mpaka ku Woolwich. Titatsika anangoti, "Bambo ake musawauze." Ndinalonjeza. Anawauza ndi Amake Misozi Lamulungu lotsatira.

Pilirani tsopano ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Wanzeru, wamphamvu, sadwala ndi chimfine chomwe, ndikamuyankhula Chichewa amamva zonse n'kundiyankha Chizungu. Koma pa chithunzi cha kalasi yawo amamukhazika kutsogolo, pakati, atagwira kabolodi. Lamulungu lililonse ndimamuimika pa mphuthu ya chitseko n'kulemba kamzere ndi pensulo, ndipo timizere take n'tothithikana ngati mano a chipeso. Esinati amati, amayi, tayang'anani bambo ake. N'zoona, mkamwini wanga akafuna shuga wa pashelefu ya pamwamba amaitana mkazi wake. Koma ine ndikudziwa zimene ndikudziwa.

Ndinaphunzirapo kuti usanakwirire kanthu patsinde pa mtengo, yamba wafunsa zaka zake. Mchombo wa mlongo wake wa Pilirani uli pansi pa chimtengo chachikulu ku Greenwich, ndipo mtsikanayo wamupitirira kale mchimwene wake.

Za kumunda kuja sindinasiye. Chaka chilichonse kukayamba kufunda ndimakwera basi ndi sitima, ndekha tsopano, ndipo njira ya ku kakhonde ndinaidziwa (nsomba ya banga imandionabe kawiri). M'kachitini kaja ndimatengamo zitosi zouma za nkhunda za pakhonde la fulati yathu. Mdala amandipatsa kampando ndi madzi ake a tsamba limodzi, kenaka amapita dala kukadzaza chothiririra. Ine ndimatsina pang'ono, mbale yoyamba, yachiwiri, mpaka zonse zisanu, ndikuimba kula mtengo kula. Akabwera amanunkhiza m'mwamba, amapukusa mutu, amatulutsa kasizasi m'thumba.

Ine ndikuthira, iye akudula. Tiona amene ayambe kutopa.